Agogo anandisiyira mfundo zitatu zokha, kodi zingakwane buku?

"Ndine mphunzitsi wa Chichewa pa sukulu ina ya sekondale ku Dowa. Agogo anga aakazi, amene anatisiya chaka chatha, ankatiuza kuti bambo awo anagwidwa usiku n'kupita kukasenza katundu ku nkhondo ya Ajeremani. Zimene ankadziwa zinali zitatu basi: anapita mapira asanache, anabwerako patadutsa mvula ziwiri mapazi atang'ambikang'ambika, ndipo mpaka tsiku la imfa yawo sanadyenso mpunga. Ndikufuna kulemba nthano yaitali ya munthu ameneyu. Koma ine si katswiri wa mbiri yakale. Ndikapeka zimene sindikuzidziwa, kodi si kunamizira akufa kumeneko? Amalume akuti ndisayerekeze kutchula dzina la mfumu imene inawapereka, poti zidzukulu zake tili nazo m'mudzi momwemo. Komanso m'zaka ziwiri ndangolemba masamba 40. Kodi anthu olemba nthano za zakale amagwira bwanji ntchito yawo, ndipo amadya chiyani?"

Aphunzitsi,

Poyamba pepani ndi maliro a agogo. Kenako mtima ukhale m'malo, chifukwa zimene mwalembazi sizikuonetsa kuti mwasochera. Ndatha zaka zoposa 20 ndikulemba komanso kukonza zolemba za anzanga, ndipo aliyense amene ndinamuona akulimbana ndi nkhani ya makolo ake moona mtima anafikapo pamene mwafika inupa. Amaopa akufa, amaopa amoyo, ndipo cholembera chimalemera. Mantha amenewo ndi abwino, amasonyeza kuti mukudziwa kuti mwanyamula chinthu cha eni ake. Ndiponso musachepetse zimene agogo anakusiyirani. Mapira akukuuzani nyengo, mapazi akukuuzani ulendo, ndipo mpungawo ndiye buku lenilenilo. Ndibwererako ku mpungaku.

Ndiyambe ndi munthu wa chigawo chanu chomwecho. Samuel Josia Ntara, amene ena amalemba kuti Nthara, anabadwa mu 1905 ndipo anali mphunzitsi ngati inu, m'sukulu za mishoni ya Nkhoma. Buku lake la Nthondo, limene linatuluka mu 1933, linapambana pa mpikisano wa bungwe lina la ku London loona za zinenero za mu Africa, ndipo mu 1934 T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Nthondoyo ndi munthu wopeka, koma mudzi umene anakuliramo, milandu yake, maliro ake ndi njala zake ndi za Achewa enieni. Patapita zaka Ntara analemba Mbiri ya Achewa, imene anaitolera kwa akuluakulu, ndipo mmenemo analibe ufulu wopeka. Analembanso za Msyamboza, mfumu yeniyeni ya ku Chibanzi, ku Dowa kwanu komweko. Munthu mmodzi anasenza madengu atatu osiyana, lina la zopeka, lina la mbiri, lina la moyo wa munthu amene anakhalakodi. Chimene ndimamulemekezera n'chakuti anasonyeza kuti mphunzitsi wa choko m'manja angathe zonsezi, bola adziwe dengu limene wasenza tsiku limenelo.

Inu mwasenza dengu lokhala pakati. Lamulo limene ndimagwiritsa ntchito ine, ndipo ndimauza aliyense wobwera ndi zolemba zotere, ndi ili: pamene mbiri yalankhula momveka musaitsutse, koma pamene yakhala chete ndi m'munda mwanu, limani. Kunamizira akufa ndi kusuntha zimene zikudziwika, monga kupambanitsa nkhondo amene anagonja kapena kuika munthu pamalo pamene sanapondepo. Kupatsa agogo anu mawu, njala, mnzawo wa paulendo ndi maloto si bodza. Ndi ntchito imene katswiri wa mbiri saloledwa kuigwira, ndipo n'chifukwa chake inu mukufunika.

Tiyeni tione zimene simungazisunthe. Nkhondoyo, imene ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse, inayamba mu 1914, ndipo kuno inafika msanga. Mu Ogasiti chaka chimenecho sitima ya boma ya Guendolen inakaononga sitima ya Ajeremani pa doko la Sphinxhaven, tsidya la nyanja, ndipo pa 9 Sepitembala kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Mu Novembala John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo imene si yawo, ndipo pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira. Kugwira amuna kwa mtengatenga kunakula kwambiri kuyambira 1916, pamene gulu la General Northey, mkulu wa asilikali a Britain, linalowa m'dziko la Ajeremani, limene lero ndi Tanzania. Kumeneko misewu ya galimoto inali yosowa ndipo ng'ombe ndi abulu zinkafa ndi kashembe, choncho chakudya, zipolopolo ndi mahema zinkayenda pamitu ya anthu. Dziko lino, limene panthawiyo linali ndi anthu ongopitirira pang'ono 1 miliyoni, linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga ofika mwina 200,000. Mtsogoleri wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anawoloka Rovuma kulowa ku Mozambique mu Novembala 1917, amtengatenga n'kumamutsatira m'mbuyo mwa asilikali, ndipo anadzatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918. Amene anapulumuka kamwazi, chibayo ndi malungo anabwerera kumudzi n'kupezana ndi chimfine choopsa chija chimene chinafika kumapeto kwa 1918. Imeneyi ndi mizati ya nyumba yanu. Ilembeni papepala limodzi, muikhome pakhoma pamene mumalembera.

Tsopano yang'anani mizatiyo bwinobwino muone chimene palibe. Mayina a akuluakulu a nkhondo alipo, masiku alipo, ziwerengero zilipo. Dzina la bambo a agogo anu mwina simudzalipeza paliponse. Mtengatenga m'mapepala a boma kawirikawiri ndi nambala chabe, akuti anapita angati, anathawa angati, anafa angati. Komanso mu 1919 moto unatentha maofesi akuluakulu a boma ku Zomba, ndipo mapepala ambiri a zaka za m'mbuyomo anapsera momwemo. Musagwe nazo mphwayi zimenezi. Pitanibe ku National Archives ku Zomba, chifukwa mabuku a maboma ang'onoang'ono ndi mapepala a mishoni anasungika ena, ndipo mumapezamo mayina a midzi, a mafumu, misonkho ndi zaka za njala. Ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi, m'nyumba yakale ya Mandala, mmene muli zithunzi ndi mabuku akale. Ndipo buku limodzi lokha ndikukakamizani kulisaka: The Chiwaya War la Melvin Page. Mkuluyu anayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1970 akufunsa asilikali ndi amtengatenga amene anali adakali moyo, ndiye muli mawu a anthu amene anasenzadi katunduyo. Dzina lakuti nkhondo ya chiwaya ndi la iwo eni, kuchokera ku mfuti ija yolira mosalekeza.

Ndikutsineni khutu za ku Zombako. Musapite ndi funso lakuti "ndikufuna zonse za nkhondo", mudzangotopa ndi fumbi. Pitani ndi mafunso ang'onoang'ono olembedwa kale: munthu wa ku Dowa ankadzera njira iti popita ku nyanja, phoso lake linali chiyani, ankalipidwa zingati, mtolo unkalemera bwanji. Tsiku langa loyamba m'chipinda chowerengera ndinataya m'mawa wonse ndikuwerenga makalata a azungu okangana za mitengo ya fodya. Madzulo ake ndinapeza kapepala kofiirira, kothetheka m'mphepete, kolembedwa ndi pensulo, kamene kankangowerengera mabulangete operekedwa kwa gulu lina la onyamula katundu. Mabulangetewo anali ochepa kuposa anthu. Ndinakhala phee kwa nthawi ndithu, chifukwa pamenepo ndinaona amuna awiri osadziwana, wina wa kumapiri wina wa kunyanja, akukokerana bulangete limodzi usiku wa chisanu. Palibe lipoti limene linandipatsa chithunzi chotero. Zimene mukusaka m'mapepala ndi zoterozo.

Tibwerere ku mpunga. Agogo sanakuuzeni chifukwa chimene bambo awo anausiyira, ndipo mwina iwonso sankadziwa. Apa ndi pamene ntchito yanu ikuyambira. Munthu wa ku Dowa wa nthawi imeneyo anakulira nsima ya chimanga ndi ya mapira, mpunga unali chakudya cha kunyanja. N'kutheka kuti anakaudya koyamba ku nkhondoko, wosapsa, wophikidwa mofulumira m'chitini pa nkhuni zonyowa, m'mimba n'kuyamba kupotokola. N'kutheka kuti ndi mpunga umene anausenza miyezi yathunthu osaloledwa kutapako ngakhale dzanja limodzi pamene iye akukomoka ndi njala. N'kuthekanso kuti anatenga phoso la mnzake amene anali atagona pambali pa njira akutsirizika, n'kudya, n'kukhala moyo. Zitatu zonsezi zikugwirizana ndi zimene tikudziwa za nkhondoyo, ndipo palibe chimene chikutsutsana ndi mawu a agogo. Mwa zitatuzo sankhani chimene mtima wanu ukuchiopa kwambiri. Mukatero mwapeza chinsinsi chimene mwininkhani wanu adzayenda nacho kuyambira tsamba loyamba, ndipo owerenga adzamvetsa chifukwa chimene nkhalamba imadzuka pamphasa mwakachetechete tsiku la Khirisimasi mbale ya mpunga ikafika.

Koma musathamangire kupeka musanafunse. Safunsa anadya phula. Akuluakulu amene anaona amtengatenga ndi maso awo ali ana atsala ochepa kwambiri, ndipo mwezi uliwonse tikuika wina m'manda. Ntchito imeneyi ndi yokhayo imene singadikire. Mapepala a ku Zomba mudzawapeza chaka chamawa, koma gogo wa zaka 90 sitingamulonjeze. Ndipo kafunsidwe kake kali ndi luso. Mukafika ndi kope n'kufunsa kuti "zinachitika chaka chanji", gogo amangoti "aa, kalekale" nkhani n'kuthera pomwepo. Mayi wina wokalamba amene ndinacheza naye pa nkhani ina anandiyankha choncho masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinasiya kope m'thumba, n'kukhala pansi kumuthandiza kusenda mtedza. Ndinangofunsa kuti bambo ake ankakonda ndiwo zanji. Anayamba ndi ndiwo, n'kupita ku chipsera chimene chinali paphewa pawo, n'kufika pa nyimbo imene ankaimba akaledzera, ndipo anaiimba yonse, manja akusendabe. Funsani za chakudya, za zipsera, za mayina a agalu, za amene anakwatira mkazi wa yemwe sanabwerere. Funsani amayi padera, chifukwa zimene amuna amabisa pabwalo akazi anazisunga m'nyimbo za pamtondo. Pitaninso kukaonera mganda ndi maso atsopano. Mizere ija, malipenga a zikho, mayunifolomu ndi maudindo ake zinachokera ku perete wa asilikali amene anthu anaona m'zaka zimenezo. Pemphani chilolezo musanajambule mawu pafoni, ndipo mukafika kunyumba lembani tsiku lomwelo, mawu ake enieni, osawakonza.

Chimene chimagwetsa mabuku ambiri otere si zaka kapena mayina a akazembe. Ndi tizinthu ting'onoting'ono. Ndinalandirapo zolemba zabwino ndithu za nthawi ya thangata, koma patsamba lachitatu mpangankhani analipira msonkho ndi makwacha. Kwacha inabwera mu 1971, nthawi ya agogo anu kunali mashiling'i, matiki ndi makobiri. Dziko linkatchedwa Nyasaland kuyambira 1907, Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald, Mchinji inali Fort Manning, likulu linali Zomba, ndipo njanji inali itangofika ku Blantyre mu 1908 osapitirira. Mayi wa m'nthano yanu sapita ku chigayo, amasinja mumtondo ndi kupera pamphero. Amavala biriwita kapena nyanda. Mzungu amayenda pa machila. Wowerenga akagwira cholakwa chimodzi chotere amasiya kukukhulupirirani pa zonse, ngakhale zoona. Komano musachite kudzaza tsamba lililonse ndi zinthu zakale ngati nyumba yosungiramo zakale. Mwa zinthu 10 zimene mwapeza, chimodzi chokha ndicho chilowe m'buku, ndipo chilowe chili m'manja mwa munthu amene akuchigwiritsa ntchito.

Chinenero nacho chimafuna khutu. Anthu a 1917 asalankhule Chichewa cha pa WhatsApp, koma asalankhulenso ngati akuwerenga Buku Lopatulika. Baibulo limenelo, limene linatuluka mu 1922, ndi nkhokwe ya mawu akale, monganso dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott ya 1892, koma munthu wokwiya pa dambwe kapena pa mowa sankayankhula m'mavesi. Njira imene ndaiona ikugwira ntchito ndi kulemba Chichewa chosavuta cha kumudzi, chopanda mawu obwereka a masiku ano, n'kusiyamo mawu amene nkhondoyo inabweretsa kapena kufalitsa, monga phoso, kapitawo, chikoti, boma. Mukamaliza mutu, kawerengereni mokweza munthu wachikulire. Pamene akwinya nkhope, pali vuto.

Pali cholakwa china chobisika kuposa makwacha aja, ndipo ngakhale alembi otchuka amagwamo. Ndi kupatsa anthu akale nzeru za ife amene tikudziwa mmene zinathera. Bambo a agogo anu sankadziwa kuti nkhondo idzatha mu Novembala 1918. Sankadziwa ngati Ajeremani agonja, sankadziwa za ufulu wa 1964, mwina sankadziwa n'komwe kuti dziko limene akuyendamo ndi la yani. Ankadziwa kuti munda wake watsala osapalira, kuti mkazi wake ali ndi pakati, kuti mzimu wa munthu wofera kutchire osaikidwa bwino umavutitsa. Musamulankhulitse ngati wandale pa msonkhano. Musiyeni akhulupirire zimene ankakhulupirira, aope zimene ankaopa, alakwitse zimene anthu a nthawi yake ankalakwitsa. Kumukonza kuti afanane nafe, kumeneko ndiye kunamizira akufa kwenikweni.

Za mfumu ija, amalume anu akunena zoona, ndipo ndikugwirizana nawo pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi mtendere wa pamudzi. Kwathu kuno buku likasindikizidwa limasanduka umboni. Anthu amapita nalo ku milandu ya ufumu ndi ya malo n'kumati "zinalembedwa", osasamala kuti pachikuto palembedwa kuti nthano. Mukatchula dzina lenileni, mwapereka nkhwangwa kwa anthu amene ali ndi zifukwa zawo, ndipo ovulala adzakhala ana amene sanapereke munthu aliyense ku nkhondo. Sinthani dzina la mfumu, la mudzi, ngakhale la mtsinje. Dowa ikhale Dowa, koma mudziwo ukhale wanu.

Chifukwa chachiwiri ndi cha buku lenilenilo. Mfumu imeneyo simukuidziwa. Boma linkalamula chiwerengero cha amuna, ndipo mfumu yolephera kuchikwanitsa inkaopsezedwa ndi kulangidwa. Amuna akathawira kuphiri, asilikali ankagwira akazi awo mpaka eni ake atatulukira. Taganizani munthu amene wauzidwa kuti pofika mawa apereke amuna 10 a m'mudzi wa nyumba 30, onse abale ake. Asankha yani? Mwana wa mlongo wake amubisa? Ngati amubisa, m'malo mwake mupita mwana wa yani? Mukamulemba ngati chilombo, mwataya mpangankhani wamphamvu kuposa onse m'buku lanu. Mukasintha dzina mumamasuka kulowa m'mutu mwake, kumuimba mlandu pamene ayenera ndi kumumvera chisoni pamene ayenera. Ndipo kumapeto kwa buku ikani tsamba limodzi lofotokoza mosabisa zimene munamva kwa agogo, zimene munawerenga ndi zimene munapeka. Tsamba limenelo limakutetezani, ndiponso ndi ulemu kwa owerenga.

Anthu odziwika m'mbiri, monga Chilembwe kapena Northey, mutha kuwatchula, koma asachite m'buku lanu chinthu chachikulu chimene sanachite. Thomas Mofolo wa ku Lesotho, polemba za Shaka mfumu ya Azulu, anapekamo sing'anga ndi mkazi amene mbiri siiwadziwa, ndipo buku lake ndi lamphamvu mpaka lero. Koma owerenga ambiri anatenga zopekazo ngati mbiri. Inu muli ndi mwayi woti mwininkhani wanu ndi munthu wamba amene mbiri sinamulembe, choncho simukulimbana ndi aliyense. Akuluakuluwo angodutsa chapatali, monga mmene mtengatenga akanawaonera, chipewa pamwamba pa machila kapena dzina lomveka m'mphekesera.

Tsopano funso lanu lomaliza, lakuti amadya chiyani. Ndikuyankhani mosapsatira: musasiye uphunzitsi. Ntara ankalemba ali pantchito. Mofolo anamaliza buku lija cha m'ma 1909, koma osindikiza ake, a mishoni ya Morija ku Lesotho, anazengereza nalo mpaka 1925, ndipo m'zaka zimenezo iye anali atasiya zolemba n'kulowa ntchito yolemba anthu opita ku migodi ndi malonda. Anamwalira mu 1948 ali wosauka. Walter Scott wa ku Scotland, amene ambiri amati ndiye anatchukitsa nthano zamtunduwu kuyambira 1814, anali wogwira ntchito m'makhoti moyo wake wonse wolemba. Hilary Mantel wa ku England anamaliza nthano yake yoyamba ya zakale mu 1979, mbali ina anailembera ku Botswana, osindikiza anaikana, ndipo inadzatuluka mu 1992. Mphotho yaikulu ya Booker anadzailandira mu 2009, patadutsa zaka 30 chimalizireni buku loyambalo. Ndiye masamba 40 m'zaka ziwiri, mukuphunzitsa, mukuchonga, mukulera ana, si manyazi ayi.

Kuno kwathu msika wa mabuku a Chichewa wadalira kwambiri sukulu. Buku likasankhidwa kukhala pa silabasi limagulidwa, likapanda kutero limayenda pang'onopang'ono, m'manja ndi m'manja. Poti ndinu mphunzitsi mudzayesedwa kulemba buku lokhala ngati mayankho a mayeso, mutu uliwonse ndi phunziro lake loonekera. Kanani chiyeso chimenecho. Ana amadziwa pamene akulalikidwa, ndipo buku limene limakhalitsa ndi lija limene anaiwala kuti akuwerengera mayeso. Likadzatha, lowani m'bungwe la alembi la MAWU kuti mupeze anzanu okuwerengerani, kalembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zolemba ndi zaluso, ndipo musasaine pangano lililonse ndi wosindikiza musanamvetse kuti umwini wa buku ukhala wa yani, kwa zaka zingati, ndipo inu muzilandira zingati pa buku lililonse logulidwa. Samalani ndi aliyense wofuna kuti mulipiretu ndalama zambiri asanawerenge n'komwe zolemba zanu.

Pa kagwiridwe ka ntchito, ndikuganiza kuti ndikudziwa chimene chakuimitsani pa tsamba 40. Mukuyesa kufufuza ndi kulemba nthawi imodzi, ndiye mukafika pa chinthu chimene simukuchidziwa mumaima sabata zitatu. Lekanitsani ziwirizi. Tchuthi chikhale cha maulendo, cha ku Zomba ndi cha kumidzi. Masiku a sukulu akhale olemba, ola limodzi m'mamawa anthu asanadzuke, ngakhale tsamba likhale theka. Mukafika posadziwa, ikani chizindikiro m'mphepete n'kupitirira. Khalani ndi makope awiri osiyana mtundu, lina la zoona zokhazokha ndi kumene mwazipeza, lina la nthano, chifukwa pakatha zaka zitatu mutu umasakaniza ndipo mudzayamba kulumbira kuti agogo ananena chinthu chimene munapeka nokha. Zolemba pakompyuta kapena pafoni muzidzitumizira pa imelo sabata iliyonse. Ndinaonapo munthu wamkulu akulira ngati mwana laputopu itabedwa ndi ntchito ya zaka zinayi.

Pali nthawi zina zimene simuyenera kuyenda nokha. Mukamaliza kulemba koyamba, pezani mphunzitsi wa mbiri, kaya ku University of Malawi ku Zomba kaya ku Mzuzu, awerenge ndi cholinga chimodzi chosaka zolakwika za nthawi ndi malo. Pezaninso mkonzi amene si mnzanu kapena wachibale, woti angakuuzeni kuti mutu wachisanu ndi wakufa. Ngati nkhani yanu idzafika m'zaka za anthu amene adakali moyo, kapena idzakhudza ufumu kapena malo amene ali pa mlandu, onanani ndi loya buku lisanapite kosindikiza. Ndipo ngati pocheza ndi gogo muona kuti nkhani yamutsegula bala, akunjenjemera kapena wasiya kudya, lekani pomwepo, itanani wachibale amene amamukhulupirira, ndipo musabwererenso ku funsolo pokhapokha iye atalitenga yekha. Inunso dziyang'anireni. Kukhala miyezi ndi anthu ofera m'njira kumalemetsa mtima, ndipo tulo tikayamba kusowa muuzeko wina, mupume kaye.

Amalume anu aja musawaone ngati chopinga. Munthu amene akuletsa kutchula dzina ndiye kuti akulidziwa dzinalo, ndipo mwina akudziwanso zina zimene sananenepo chifukwa palibe anawafunsa modekha. Loweruka likubwerali apitireni ndi kashuga, muwauze kuti mwamva malangizo awo ndipo dzina la mfumu simulitchula. Akamasuka, afunseni ngati anaonapo agogo awo akukana mpunga, anali pati, ndipo ndani anali atauphika.